Buku la Marwick ndi cala coloza mfiti

Tikaoloka malire pa Cassacatiza, timalowa m'dziko la Zambia, pa njira ya ku Katete. Anthu a kumeneko ndi Acewa anzathu. Cilankhulo ndi cimodzi, gule ndi mmodzi, ndipo timakwatirana. Malire otilekanitsa anapangana Angerezi ndi Apwitikizi m'caka ca 1891, osafunsa makolo athu. Tsono buku lonena za Acewa a ku Katete likunenanso za ife a ku Chifunde.

Buku lotere lilipo. Analilemba ndi Max Marwick, ndipo linaturuka ku Manchester m'caka ca 1965. Dzina lace ndi Sorcery in its Social Setting. Limafotokoza m'mene nkhani za ufiti zimayendera pakati pa anthu a m'mudzi.

Marwick anabadwira ku South Africa mu 1916. Nchito yace inali kuphunzira za makhalidwe a anthu ndi kulemba mabuku. Anafika kwa Acewa a kwa Mfumu Kawaza mu 1946, dzikolo likali Northern Rhodesia, nabweranso mu 1952. Pambuyo pace anaphunzitsa pa masukulu akuluakulu: Witwatersrand ku Johannesburg, Monash ku Australia ndi Stirling ku Scotland. Anamwalira mu 2003.

Marwick sanataye nthawi kutsutsana ndi anthu ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Akamva za maliro kapena tsoka, anali kufunsa mafunso ena. Walodzedwa ndani? Akuti walodza ndani? Waloza cala ndani? Pali cibale canji pakati pao? Anayambana za ciani kale? Mayankho anali kuwalemba m'modzim'modzi, kenaka nkuwawerenga.

Cimene anapeza ndi ici. Cala siciloza mlendo kawirikawiri. Cimaloza mbale, makamaka wa kucikazi. Cifukwa cace Acewa eni ace anamuuza. Ukalakwirana ndi wa mbumba yina, mlandu umapita ku bwalo, wina amalipira, nkhani nkutha. Koma ukalakwirana ndi mtsibweni wako kapena mwana wa mlongo wako, mumati za pa cibale sizipita ku bwalo. Nkhaniyo imakhala mumtima zaka ndi zaka. Tsiku lomwalira mwana, imaturuka ndi dzina latsopano: ufiti.

Mikangano yace ndi yomwe tiidziwa: kulowa ufumu, cuma camasiye, nsanje ya pa mitala. Marwick anaonanso kuti mbumba ikakula, ana a mabele osiyana amafuna kukamanga mudzi wao. Kungocoka popanda cifukwa n'camanyazi. Koma ukanena kuti uje ndi mfiti, cingwe ca cibale caduka, ndipo ungathe kusamuka.

Apa timuyamika. Akulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Marwick anatisonyeza kuti pansi pa mau akuti ufiti pamabisala mlandu umene sunaweruzidwe.

Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Sacedwa kukamuka. Pali zinthu zitatu zimene sitibvomerezana nalo bukuli.

Coyamba ndi cacikulu. Marwick anaganiza kuti kulozana zala kuli ndi nchito yace m'mudzi. Kumamasula abale amene sangathenso kukhalira pamodzi. Kumaopsezanso anthu kuti asakhale omana kapena okonda ndeu. Ameneyu ndi munthu waima pa culu, akuona moto wolusa, nanena kuti msipu udzaphuka bwino. Mwini nkhokwe imene yapsa sanganene tero. Mudzi ungagawike bwino, koma agogo amene anenedwa ufiti atsala okha. Palibe wowatungira madzi. Ena amamenyedwa, ena kuthamangitsidwa, ena kuphedwa kumene. Mary Douglas, mai wa nchito yomweyi, anabwerera mu 1987 kwa anthu a mtundu wa Lele ku Congo, amene anakhala nao kale. Anapeza kuti onenedwa ufiti anali kuzunzidwa ndi kuphedwa, ndipo analemba zimenezi momveka.

Caciwiri ndi mawerengedwe. Nkhani ya maliro imasintha malinga ndi wokamba. Wa kucimuna aloza uku, wa kucikazi aloza uko. Caka cikapita, cala catembenukira kwina. Ukalemba yankho limodzi nkuliwerenga ngati mbuzi za m'khola, nambala imaoneka yolimba kuposa nkhani yeniyeni.

Cacitatu ndi cilankhulo. Nzeru za m'bukuli zinacokera m'kamwa mwa Acewa. Koma linalembedwa m'Cingerezi, kuti awerenge anthu a masukulu akutali. Amene anapereka nkhani zao ambiri sakadatha kuwerenga cimene cinalembedwa za iwo, ngakhale kunena kuti apa mwalakwa.

Lero ife tikuphunzira kuwerenga ndi kulemba. Tingathe kupeta buku ngati mphale, gaga nkutaya. M'buku la Marwick titengemo mafunso ace. Cala cikaloza munthu, tisathamangire zibonga. Tiyambe tafunsa: awiriwa anayambana za ciani? Ngati ndi munda, mfumu iweruze za munda. Ngati ndi cuma camasiye, abale akhale pansi ndi ankhoswe, cigawidwe poyera, ndipo wodziwa kulemba alembe. Wodwala apite ku cipatala msanga. Mlandu wa pa cibale ukakambidwa lero, sudzadikira maliro.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji cala cimaloza mbale koposa mlendo?
2. M'mudzi mwathu, mlandu wa anthu a bele limodzi umaweruzidwa ndi yani?
3. Tingawateteze bwanji okalamba amene anenedwa ufiti?