Kachitsulo Kotchinga Nsalu pa Njinga Zamoto za ku India

Munthu akagula njinga yamoto yatsopano ku India, kaya ndi Hero Splendor yotsika mtengo kapena Royal Enfield yolemera ija, amaipeza ili ndi kachitsulo kolukana kumanzere kwa gudumu lakumbuyo. Kumeneko amakatcha saree guard. Makampani sakaikapo mwa kufuna kwawo. Gawo 123 la malamulo a galimoto a mu 1989 limati njinga yonyamula munthu wachiwiri ikhale ndi pogwira, popondera, ndiponso chotchinga chophimba theka la gudumu lakumbuyo kapena kuposerapo, kuti zovala za wokwera kumbuyo zisakodwe. Mu 2018 khoti lalikulu la dzikolo linakana apilo ya bungwe la makampani opanga galimoto pa nkhaniyi, ndipo lamulolo likugwirabe ntchito.

Kuti timvetse kachitsuloka tiyambe ndi nsalu yake. Sari imakhala yaitali mamita 5 kapena 6, ndipo nsonga yake imodzi imangoponyedwa paphewa n'kumalendewera kumsana. Amayi ena amavala dupatta, mpango wopepuka wokoloweka m'khosi. Mayi wovala sari sangathe kukhala motangadza, choncho amakhala cham'mbali, miyendo yonse kumanzere. Kumanja kuli ekizozi yotentha. Koma kumanzereko, pa njinga zambiri, n'kumene kumadutsa tcheni ndi giya yake ya mano. Njinga ikamathamanga makilomita 40 pa ola, gudumu limazungulira pafupifupi maulendo 6 pa sekondi imodzi, ndipo mphepo yozungulira kumbuyo kwa okwera imaseweretsa nsalu n'kumaikankhira mkati. Sipoko imodzi ikangogwira nsonga, nsalu imakulungika pakati pa gudumu munthu asanakuwe n'komwe. Imakoka phewa kapena khosi, ndipo nthawi zina gudumu limaima mwadzidzidzi, onse awiri n'kugwa.

Ntchito yopanga chotchingachi imayamba ndi paipi yachitsulo yopyapyala. Mmisiri amaidula pa muyeso wake, kenako amaipinda pa makina kuti ikhale mkombero wa chotchingacho. Kupinda paipi kumafuna luso kuposa momwe kumaonekera. Mbali yakunja ya pokhota imatamuka, yamkati imafinyika, ndipo ukafulumira paipi imaphwatalala kapena kuchita makwinya. N'chifukwa chake amaizunguza pang'onopang'ono pa kagudumu kokhala ndi ngalande yofanana ndi kukula kwa paipiyo. Amaipindanso mopitirirako pang'ono, podziwa kuti chitsulo chikamasulidwa chimabwerera m'mbuyo.

Kenako pamabwera timitengo tachitsulo todutsa mkati. Apa ndi pamene ndimagoma napo. Bwanji osangophimba gudumu ndi lata n'kuthana nazo? Lata lingalemere, lingasunge matope, lingamalire ndi kugwedera kwa injini, ndiponso lingamutsekere makaniko akafuna kuthira oilo pa tcheni. Timitengo timalola mphepo ndi madzi kudutsa. Koma mipata yake iyenera kukhala yoyezedwa bwino: ikatalikirana, nsalu yopyapyala imalowa pakati, ikathinana kwambiri, kulemera kwa lata kuja kwabweranso. Wopanga wabwino amathinanitsa timitengo pamene pali ngozi yaikulu, cha pa tcheni ndi pakati pa gudumu.

Zidutswa zonsezi amaziyala pa jig, lomwe ndi tebulo lachitsulo lokhala ndi zikhomo ndi zopanira, kuti chilichonse chigone pamalo pake ndipo chotchinga cha lero chifanane ndi cha dzulo. Wowotcherera sayamba mbali imodzi n'kumangopita. Moto umakoka chitsulo, ndipo akatero mkombero wonse ungapotoke. Amayamba wadontheza timadontho togwirizira, pano kamodzi, kutsidya kamodzi, kenako n'kubwerera kudzamaliza mfundo iliyonse. Dzanja lake liyenera kukhala lopepuka, chifukwa paipi yopyapyala imabooka akachedwetsa moto pamalo amodzi, pamene akathamanga mfundo imangomata pamwamba osalowerera.

Ikatha ntchito ya moto pamabwera yopala, ndipo imeneyi ndiyo imasiyanitsa mmisiri ndi wongochita kuti zithe. Pa chitsulo china kaminga kotsalira pa mfundo sikavuta. Pa chotchinga nsalu, kaminga kotero kamasanduka mbedza yokola nsalu yomwe chinapangidwira kuteteza. Choncho mfundo iliyonse amaipala mpaka itasalala, nsonga za timitengo amaziundula, ndipo dzanja la m'gulovu limayenda ponseponse kufunafuna pamene pakukola. Akatero amatsuka mafuta ndi dzimbiri, n'kupopera penti ya ufa yomwe imamatira pa chitsulo ndi mphamvu ya magetsi. Mu uvuni wa madigiri pafupifupi 200 ufawo umasungunuka n'kukhala khungu lolimba, losalala. Zotchinga zina amazikuta ndi chrome yonyezimira.

Kumangirira pa njinga nakonso kuli ndi nzeru zake. Gudumu lakumbuyo silikhala malo amodzi. Limakwera ndi kutsika pa mabampu, ndipo limasunthidwa chakumbuyo tcheni ikamakungidwa. Pa njinga za mashoko awiri, chotchinga nthawi zambiri chimagwira pa bawuti ya pamwamba pa shoko ndi pa thupi la njinga, ndipo wopanga amasiya mpata woti gudumu liyende mkati osakhula. Pa njinga zambiri za shoko imodzi amachimanga pa swingarm, mkono wachitsulo wogwira gudumu, kuti ziziyendera limodzi. Zotchinga zina zili ndi popondera papakulu m'munsi, pokwana mapazi onse awiri a munthu wokhala cham'mbali. Amene anaganiza zimenezi anayang'anadi momwe amayi amakwerera njinga.

Nanga chotchingachi chikufunikabe? Otsutsa ali ndi mfundo zawo. Atsikana ambiri m'mizinda ngati Bengaluru ndi Pune amavala mathalauza n'kukhala motangadza. Njinga zambiri tsopano zili ndi magudumu oumbidwa, opanda masipoko a waya. Pa njinga zothamanga zochokera kunja, za mpando wakumbuyo waung'ono ndi wam'mwamba, chotchinga chimaoneka kuti changopachikidwa kuti njinga ilembetsedwe, ndipo eni ake ambiri amachimasula akangofika nayo kunyumba.

Ine ndimaona kuti chikufunikabe. Gudumu loumbidwa lili ndi mipata ikuluikulu, ndipo tcheni ndi mano a giya zikadali pomwepo. Ngakhale wovala thalauza amakhala ndi mpango, jekete ya mvula, kapena lamba wa chikwama wolendewera. Komanso njinga imasintha manja: wogula woyamba angamayende yekha, koma wachitatu adzanyamula mayi ake kupita nawo kumsika. Vuto la zotchinga zosaoneka bwino lili kwa ojambula njinga, pakuti lamulo silinena za timitengo kapena maonekedwe. Limangoti theka la gudumu liphimbike. Pa masikuta ngati Honda Activa thupi lenilenilo limaphimba mbali yaikulu ya gudumu, ndipo palibe wodandaula. Makampani ena amaumba chotchinga cha pulasitiki yolimba chogwirizana ndi maonekedwe a njinga.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Timayendetsa kumanzere ngati ku India, amayi ambiri amakhala cham'mbali pa kabaza atavala chitenje, ndipo njinga za Bajaj ndi TVS zochokera komweko zili m'misewu yathu. Wokwera ayang'ane kumanzere kwa gudumu asanakhale. Pomwe chotchinga palibe, apinde nsonga ya chitenje n'kuikhalira. Wakabaza amene chake chinathyoka apite nacho kwa owotcherera, awauze kuti apale mfundo zonse, ndipo pomanga aone kuti chala chikulowa pakati pa chitsulo ndi tcheni.