Kalata yofunsira ntchito imene inatiseketsa

Chaka chatha ndinaitanidwa kukathandiza kusankha kalaliki pa bungwe lina laling'ono m'tauni muno. Makalata anali mulu. Mnzathu wina anatolapo imodzi n'kuyamba kuiwerenga mokweza, ndipo asanafike pakati tonse tinali titafa nalo phwete. Inenso ndinaseka nawo, sindibisa.

Kalatayo inali m'Chingerezi. Inayamba ndi moni, kufunsa ngati abwana ndi banja lawo adzuka bwino. Kenaka panabwera mawu akale aja akuti "I beg to apply". Wolembayo anafotokoza kuti ndi wamasiye, akulera abale ake, ndipo ntchito ina iliyonse ailandira, ngakhale yosesa. Kumapeto kwenikweni, Mulungu atadalitsa kale abwana, ndi pamene anatchula kuti ali ndi MSCE komanso kuti wakhala akusunga mabuku a ndalama pa chigayo. Mkulu wa gulu lathu anangoti, "Uyu akufuna ntchito kapena chithandizo?" Basi, kalata ija n'kuikidwa pambali.

Ndili m'minibasi pobwerera ndinayesa kuitembenuzira m'Chichewa m'mutu mwanga. Zoseketsa zonse zinatha. Inasanduka kalata ya munthu woleredwa bwino.

Taganizani mmene timapemphera chinthu kwa wamkulu. Sitiyamba nkhani tisanapereke moni. Wotero timati alibe mwambo. Munthu mmodzi timamuchulukitsa, timati "inu", mwinanso kumulankhula ngati palibe: "abwana andiganizireko". Pempho timalikankhira m'nthawi yakale kuti lisamveke ngati lamulo: "ndimati ndipempheko". Kamphatikiri ka -ko kamafewetsa mneni, pomwe ka- amachepetsa chimene tikufuna, n'chifukwa chake munthu amapempha "kantchito" ngakhale mumtima akufuna ntchito yeniyeni. Ngakhale mneni amene timagwiritsa ntchito ali ndi nkhani: timafunsira ntchito monga momwe mnyamata amafunsira mbeta. Wofunsira mbeta safika ndi matama. Zabwino zake amazinena ndi ena.

Penelope Brown ndi Stephen Levinson, m'buku lawo la 1987 lonena za ulemu m'chiyankhulo, anafotokoza kuti pempho limapanikiza wopemphedwa, choncho wopempha amafuna njira zochepetsera kupanikizako, monga kudzitsitsa ndi kukweza mnzakeyo. Mnyamata wa pa chigayo uja anachita zomwezo mwaluso. Vuto ndi lakuti kalata yofunsira ntchito ya Chingerezi imayendera lamulo lina. Vijay Bhatia, m'buku lake la 1993 lotchedwa Analysing Genre, anaiika m'gulu limodzi ndi kalata yotsatsa malonda: wolemba amadzitsatsa yekha. Chimene ofesi imachitcha kudzifotokoza bwino, kwathu timachitcha kudzitama. Ndiye mwana amene wakula akudzudzulidwa akadzichemerera tikumuuza kuti pa tsamba limodzi lokhali adzitame, ndipo adzitame m'chiyankhulo chachiwiri.

Sindikunena kuti mkulu uja analakwitsa zonse ayi. Umasiye sulemba malisiti. Wolemba anthu ntchito ali ndi makalata ambiri ndi nthawi yochepa, ndipo akufuna kudziwa msanga chimene munthu angathe. Kalata imene yabisa luso pansi pa madandaulo yadzipweteka yokha. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pamenepa ndikugwirizana nawo.

Chimene ndikutsutsa ndi kawerengedwe kathu. Tinaona kudzichepetsa n'kuganiza kuti ndi umbuli. Pa mulu womwewo panali makalata angapo ofanana ngati mapasa, onse odzaza ndi "dynamic" ndi "self-motivated", oonekeratu kuti anakoperedwa pa intaneti kapena anatayipidwa pa malo amodzi. Amenewo anadutsa popanda woseka. Sanatiuze kanthu za eni ake, koma anavala suti yoyenera. Kalata imene inatiuza zoona zenizeni, kuphatikizapo zoti mwini wake amadziwa kusunga mabuku, ndi imene tinaitaya. Tsono yachilendo inali iti pamenepa?

Mlandu wina uli kusukulu. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma ntchito ya m'maofesi inatsalabe m'Chingerezi, ndipo mpaka lero munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi. Pophunzira kalata ya ntchito, zimene ine ndinagwira ndi malo oika keyala, tsiku, mutu wodula mzere kunsi, ndi kusiyana kwa "faithfully" ndi "sincerely". Palibe anandiuza kuti ulemu wa m'kalata imeneyi ndi kusamutayitsa nthawi wowerenga, kuti kupita pa mfundo mwachindunji, kumene kunyumba kukanakhala mwano, kuno ndiye khalidwe. Tinaphunzira chigoba cha kalata, mtima wake osauphunzira. Ndiye wophunzira amathira Chichewa chake m'chigoba cha Chingerezi, ife n'kumaseka.

Kwa inu amene mukuphunzira za ziyankhulo, makalata oterewa ndi munda wosalimidwa. Mukawapeza mwachilolezo, maina atafufutidwa, taonani pamene wolemba waika moni, pamene waika mavuto ake, ndi pamene luso lake latulukira. Fufuzaninso ngati munthu yemweyo amalemba mosiyana akapatsidwa mwayi wolemba m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Ndipo funsani olemba ntchitowo chimene amamva akawerenga, chifukwa kuseka kwawo nakonso ndi umboni wofunika kuusanthula.

Kwa olemba ntchito pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndilinena Chichewachewa: ndimati muziwerengako mpaka kumapeto. Ngati ntchitoyo ndi yaulonda kapena yosesa, imene Chingerezi sichifunika kwenikweni, bwanji osalola anthu kulemba m'chiyankhulo chimene amaganizira?

Tsiku lija sindinayankhule kanthu. Ndinali mlendo pa gulupo, ndipo ndinaopa kuoneka wamakani pamaso pa akuluakulu. Kalata ija inatsala pa mulu wa zokanidwa. Ulemu womwe unamumanitsa mnyamata uja ntchito ndi umenenso unanditseka ine pakamwa.