Manja Otsogolera Rozi Pakhoma

Alendo ofika kumunda wa Sissinghurst, ku Kent m'dziko la England, mwezi wa Juni amangoti kukamwa yasa poona makoma a njerwa atakutidwa ndi maluwa a rozi. Ndi ochepa amene amakumbukira munthu yemwe anali pamakwerero nthawi yachisanu, zala zitauma gwa, akupinda nthambi imodziimodzi.

Rozi woyanga alibe timanja togwirira ngati ta dzungu. Ukamulekerera amathamangira kumwamba, maluwa n'kukachita kunsonga kokha, m'munsi muli mitengo yokhayokha. N'chifukwa chake mlimi amagoneka nthambi chopingasa pa mawaya okhomedwa kukhoma, pakuti nthambi yogona imatulutsa mphukira paliponse, ndipo mphukirazo ndizo zimabereka maluwa. Amapinda pang'onopang'ono, akumvera m'manja pomwe nthambi yayamba kukana, chifukwa akaikakamiza imathyoka. Chingwe amasankha chofewa, samangitsa, kuti nthambi inenepe bwino. Timphukira tam'mbali amatidula n'kusiya maso awiri kapena atatu. Minga nayo siimumvera chisoni.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti masamba akangophuka, ntchito yonseyi imabisika. Popanda munthu ameneyu, mphepo ikanakhadzula nthambi, ndipo fungo lokomalo likanathera m'mwamba, kutali ndi mphuno za anthu.