Mnofu wopumira ukafooka: zimene kafukufuku wa ku Amsterdam sakufikapo pa wodwala wa ku Ndamera

Ntchito yaikulu ya kupuma imagwiridwa ndi diaphragm, mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Mu 2008, Sanford Levine ndi anzake analemba mu New England Journal of Medicine kuti mnofuwu umaphwa msanga ukakhala osagwira ntchito. Mwa anthu 14 amene ubongo wawo unali utafa ndipo ankapumira makina kwa maola 18 mpaka 69, timaulusi ta mnofuwu tinali titaonda kupitirira theka.

Mu 2015 gulu la Coen Ottenheijm la ku Amsterdam linafufuza mozama. Linadula tizidutswa ta mnofuwu mwa odwala mwakayakaya 22 pa nthawi ya opaleshoni n'kuyeza mphamvu ya kaulusi kamodzikamodzi. Timaulusi tinali tochepa ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo mphamvu yake inali itatsika ndi theka kapena kuposa. Njira ya ubiquitin-proteasome, imene selo limaphwanyira mapuloteni ake omwe, inali ikugwira ntchito mopyola muyezo. Kuyeza kotere n'kovuta, ndipo zotsatira zake n'zodalirika.

Vuto lili pa anthu amene anayezedwa. Onse anali pa makina opumira, choncho kafukufukuyu sangalekanitse zimene makina anawononga ndi zimene matenda anawononga. Kwa ogwira ntchito ku Ndamera funso limeneli si laling'ono. Chipatala chaching'ono cha kumeneko, pafupi ndi malire a Mozambique, chimatumiza odwala ku chipatala cha boma cha Nsanje, ndipo ICU ya ku Queen Elizabeth ili kutali ku Blantyre. Wowerenga mothamanga angaganize kuti popanda makina palibenso kufooka kwa mnofuwu.

Si choncho. Mu 2013 Alexandre Demoule ndi anzake ku France anapeza kuti mwa odwala 85, okwana 64 peresenti anali ndi diaphragm yofooka tsiku loyamba lomwelo ataikidwa pa makina, ndipo zimenezi zinkayenderana ndi sepsis. Matenda okha amatha kufooketsa mnofuwu. Palinso mchere wa m'magazi, umene kafukufuku wa maselo uja sanautsate. Michel Aubier anasonyeza kale mu 1985 kuti phosphate ikachepa diaphragm imafooka, ndipo ikabwezeretsedwa mphamvu imakwera.

Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta ku Nsanje, ndi chitsanzo chapafupi. Wotsekula m'mimba kwambiri amataya bicarbonate, magazi amachuluka asidi, ndipo thupi limayankha ndi kupuma mozama komanso mofulumira. Nthawi yomweyo akutaya potaziyamu, amene mnofu umafunika kuti ukoke. Dripi ya Ringer's lactate ili ndi potaziyamu pafupifupi 4 mmol pa lita, pamene Thanzi ORS ali ndi 20. N'chifukwa chake wodwala ayenera kuyamba kumwa ORS akangotha kumeza, ngakhale dripi ikuyendabe. Mwana wonyentchera naye amayambira pa F-75, chifukwa kumudyetsa kwambiri mwadzidzidzi kumakokera phosphate ndi potaziyamu m'maselo.

Mnofu wa munthu wotere, kapena wa wodwala TB ndi HIV amene waonda kwa miyezi, sunali pakati pa tizidutswa ta ku Amsterdam. Mankhwala olimbitsa kakokedwe ka timaulusi, amene gululi lakhala likuwayesa mu labotale, si yankho la lero ku Chigwa cha Shire.

Chimene namwino, HSA kapena volontiya angatengepo chimafuna wotchi ndi maso. Awerenge kapumidwe kwa mphindi yathunthu, alembe, n'kubwereza. Wamkulu akagona chagada, mimba imayenera kutukuka pokoka mpweya. Ikamalowa m'kati, diaphragm yatopa. Ndipo wodwala amene amapuma ka 40 pa mphindi n'kutsika kufika 14, uku akuwodzera ndi kulephera kutsokomola, sakuchira ayi. Ameneyo akhazikidwe chotsamira, apatsidwe okosijeni ngati alipo, ndipo ambulansi iitanidwe nthawi yomweyo.