Odi Katatu Pakhomo la Sikirini

Kasikirini ka mizere iwiri, ka zilembo 16 pamzere uliwonse, kali ndi khalidwe lake. Ukakapatsa magetsi usanakauze chilichonse, mzere wapamwamba umadzaza timabokosi takuda, wapansi uli mbee. Wophunzira akaona choncho amati kapsa. Amene anazolowera ntchitoyi sadandaula, chifukwa timabokosito tikusonyeza kuti magetsi afika ndipo kachipangizo kolamulira sikirini kadzuka, kakungodikira kuuzidwa zochita.

Kachipangizo kameneka ndi HD44780 ka kampani ya Hitachi ya ku Japan, kapena kena kopangidwa motengera komweko. Kanatuluka m'zaka za m'ma 1980 ndipo mpaka lero sikanathe ntchito. Sikiriniyo ili ndi timiyendo 16. Tiwiri n'ta magetsi (5V ndi GND), tiwiri n'ta nyali yakuseri, kamodzi kamapita ku potentiometer ya 10k imene umapotokola mpaka zilembo zitaoneka bwino. RS imanena ngati chimene chikubwera ndi lamulo kapena chilembo, E ndi imene imati “landira tsopano”, ndipo RW ambiri amangoilumikiza ku GND chifukwa akufuna kulemba basi, osati kuwerenga. Totsala 8, kuyambira D0 mpaka D7, ndi tonyamula uthenga.

Bolodi ya Arduino Uno, imene imatumiza uthenga ku sikiriniyi, ili ndi timiyendo ta digito 14 tokha. Ukapereka 10 ku sikirini, mabatani ndi masensa udzawaika pati? N'chifukwa chake amisiri amasiya D0 mpaka D3 osalumikiza, n'kumatumiza mabiti 8 a chilembo chilichonse m'magawo awiri, anayi oyamba kenako anayi otsala. Mawaya 6 akwanira.

Luso lenileni lili pa kadzutsidwe kake. Microcontroller ya pa Uno ikayamba ntchito siidziwa mmene sikirini ilili. Mwina yangoyaka kumene ndipo ikuyembekezera mabiti 8 nthawi imodzi. Mwina munthu wadina batani la reset sikirini ili chiyakire, ndiye idakali pa dongosolo la mabiti anayi. Mwinanso, ndipo apa m'povuta, reset inachitika theka loyamba la lamulo litapita kale, moti sikirini ikudikirabe theka lachiwiri. Kuifunsa sungathe, poti RW unaimangirira ku GND.

Yankho la akatswiri a Hitachi ndi lalifupi mochititsa kaso. Dikira mamilisekondi oposa 15 magetsi atakhazikika, tumiza nambala 3, dikira mamilisekondi oposa 4.1, tumizanso 3, dikira mamaikrosekondi oposa 100, tumiza 3 kachitatu. Zili ngati mlendo wakhalidwe amene amaodira kangapo asanalowe, posadziwa ngati mwini nyumba ali maso, ali m'tulo kapena ali pakati pa nkhani ina. Ngati sikirini inali pa mabiti 8, imamva lamulo limodzimodzi katatu ndipo palibe chimene chawonongeka. Ngati inali pa mabiti anayi, ma 3 awiri oyamba amaphatikizana kukhala 0x33, lamulo loibwezera pa mabiti 8. Ngati inali kudikira theka lachiwiri, 3 woyamba amangomalizitsa lamulo lakale lija, kaya linali lotani, ndipo awiri otsatirawo amagwira ntchito ija. Njira zitatu zonsezi zimathera pamalo amodzi. Ukatero umatumiza 2, sikirini n'kulowa pa mabiti anayi, nonse awiri mukudziwa pamene mwaima. Ine sindidziwa mizere ina yochepa chonchi m'pulogalamu imene inaganiziridwa mofika patali ngati imeneyi.

Kudikirako si mwambo chabe. ATmega328P ya pa Uno imathamanga pa 16 MHz, pamene sikirini imafuna mamaikrosekondi 37 pa malamulo ambiri ndi mamilisekondi 1.52 pa lamulo lobwezera cholozera (chosonyeza pamene chilembo chotsatira chilembedwe) poyambira. Ukaifulumiza imameza zilembo kapena kulavula zizindikiro zosamveka. Laibulale ya LiquidCrystal imabisa zonsezi kuseri kwa lcd.begin(16, 2), ndipo palibe cholakwika kuigwiritsa ntchito, koma amene anazilembapo yekha kamodzi amazindikira msanga vuto likabuka.

Amadziwanso kuti mzere wachiwiri suyambira pamene woyamba wathera pamaso. Kachipangizoka kamasunga zilembo 80, mzere uliwonse 40, woyamba kuyambira pa adiresi 0x00, wachiwiri pa 0x40. Chilembo cha nambala 17 sichitsika pansi, chimakabisala kumanja kumene galasi silifika.

Kwa ife olemba Chichewa pali kantchito kena kokoma. Masikirini ofala kwambiri ali ndi zilembo za Chingerezi ndi za katakana za ku Japan, koma ŵ wa Malaŵi mulibe. Hitachi inasiya malo a zilembo 8 zojambula wekha, chilichonse cha timadontho 5 m'lifupi ndi 8 m'litali. Mzere wapansi penipeni amausiyira cholozera, ndiye watsala ndi 7. Chilembo w cha sikirini chimatenga mizere 5. Ukaika kachipewa ka ŵ pa mizere iwiri yotsalayo, kamakhudzana ndi nyanga za w, n'kuoneka ngati kabokosi kosongoka. Mmisiri wamaso amafupikitsa w kukhala wa mizere inayi: kadontho kamodzi pakati pamwamba, tiwiri pansi pake, mzere wopanda kanthu, kenako w. Mpata umodzi umenewo ndi umene umachititsa kuti chilembocho chiwerengeke.

Chojambulacho chimafufutika magetsi akathima, choncho pulogalamu iyenera kuchilembanso nthawi iliyonse ikamayamba. Ndipo ukangomaliza kuchilemba uyenera kubwezera cholozera pa mzere wa sikirini, apo ayi mawu otsatirawo amakagwera m'malo a zojambula muja n'kuwononga kachipewa kamene wavutika nako.