Mawu Asanu a pa Chikwangwani cha Pamsewu

Pamphambano yolowera kumsika wa m'tauni mwathu paimikidwa chikwangwani chikatireni mvula. Ndi chidutswa cha lata chokhomedwa pa mitengo iwiri, cholembedwa pamanja ndi penti yofiira: "PEPANI. MSEWU UKUKONZEDWA. YENDANI PANG'ONOPANG'ONO." Kuseri kwake kuli migolo ya phula, mulu wa miyala yoswa ndi anyamata anayi ogwira mafosholo. Tonse timachiwerenga ndi diso limodzi, lina lili pa maenje. Ine ndikupempha kuti tiime pang'ono tichiwerenge modekha, chifukwa mawu asanuwa akuulula mmene timaganizira za misewu yathu ya tala.

Wolembayo akanatha kuyamba ndi "Chenjezo", koma adasankha mawu a ulemu, omwe timanena pa maliro, kwa wodwala, ndi kwa munthu amene tamuponda phazi. "Pepani" ali pawiri. Alipo wovomera kulakwa, aliponso wa chifundo chabe, wonena kwa mnzako amene wapunthwa pa chitsa chomwe iwe sudachisiye. Wa pachikwangwaniyu akupepesa fumbi ndi kuchedwa kwa masiku ochepa a ntchito. Komatu oyenera kupepesedwa kwenikweni ndi ena: wakabaza amene adapinda limu m'dzenje la pamalo pomwepa mu February litabisika ndi madzi, ndi mayi amene dengu lake la tomato lidaphwanyika pa tsikulo. Iwo adavutika chikwangwani chisanabwere. Kupepesa kwafika pa tsiku lomwe zinthu zayamba kulongosoka, pomwe miyezi ya mavuto idadutsa popanda liwu.

Liwu lachiwiri ndi "msewu", ngati kuti ndi chinthu chimodzi, chakuda chomwe timachiona ndi maso. Ndidaima pomwe anyamata aja adakumba, ndipo khoma la dzenjelo lidaonetsa zonse. Pamwamba panali khungu lakuda losaposa zala ziwiri kuchindikala. Pansi pake panali miyala yoswa yotsenderedwa, kenaka dothi lofiira lochita kubwera nalo, ndipo pansi penipeni nthaka ya pamalopo. Ngakhale m'khungu lakudalo, phula limangokhala pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, otsalawo ndi miyala ndi mchenga. Chimene chimasenza lole ndi zapansizo. Ntchito yaikulu ya khungu lija ndi ya denga, kuti zapansi zisanyowe. John Loudon McAdam wa ku Scotland, amene adamwalira mu 1836, adaumirira mfundo yomweyi: nthaka youma imatha kunyamula katundu, yonyowa imagonja. Tikamayamikira msewu chifukwa wakuda bii ndi wosalala, tizikumbukira chikomekome cha mkuyu.

Mtima wa chikwangwanichi uli pa "ukukonzedwa". Mneni "kukonza" amanyamula zambiri: timakonza chakudya, timakonza m'nyumba, timakonza ukwati, timakonzanso njinga yothyoka. Koma tikamuika pafupi ndi msewu, aliyense amamva tanthauzo lomalizali, lobwezeretsa chomwe chaonongeka kale. Tili naye mneni wina, "kusamalira", amene timanena za mwana, munda ndi ziweto, ndipo ameneyu sadikira kuti chinthu chiyambe chaonongeka. Sindinaonepo chikwangwani chonena kuti msewu ukusamalidwa.

Kusiyana kwa aneni awiriwa kumaoneka pa moyo wa dzenje. Dzuwa ndi mpweya zimaumitsa phula, limatuwa n'kuleka kunyumbwika, kenaka pamabwera kamng'alu kopyapyala ngati ulusi. Mvula ya December ikalowa m'menemo imafewetsa zapansi, ndipo tayala lililonse lodutsa limafinya madziwo, n'kutuluka ndi timichenga ta m'kati. Ming'alu imachuluka, kufanana ndi khungu la ng'ona, chidutswa chimodzi n'kuchoka, dzenje labadwa. Pa nthawi ya kamng'alu kaja, munthu mmodzi wokhala ndi tsache ndi chitini cha phula lotentha akanatha kutseka. Pa nthawi ya dzenje pafunika kudula m'mbali mwake kuti mukhale mowongoka, kuchotsa zofewa zonse, kusesa fumbi, kupaka phula lomatira, kuthira zosakaniza pang'onopang'ono n'kumatsendera. Chigamba choikidwa m'dzenje lonyowa, chongopondedwa ndi kumbuyo kwa fosholo, sichiona mvula yachiwiri. Mu 1988 Banki Yaikulu Padziko Lonse idalemba kuti mayiko 85 omwe akutukuka kumene adataya misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni, yomwe ikanapulumuka ndi madola 12 biliyoni osamalira pa nthawi yake. Kwa ife amene phula timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowazi, chiwerengero chimenechi n'cholasa mtima.

Kumapeto kwa "ukukonzedwa" uja kuli "-edwa", amene amabisa wochita. Ukukonzedwa ndi yani? Funsoli si lopanda pake. Malamulo a mu 2006 adagawa ntchitoyi pawiri: Roads Authority imayang'anira misewu ikuluikulu, Roads Fund Administration imasunga ndalama zochokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndiponso pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke mumsewu wa M1. Misewu ya m'kati mwa mizinda ili m'manja mwa makhonsolo. Bwalo loimikapo magalimoto pa sitolo, pa fakitale kapena pa malo omwetsera mafuta ndi la mwini malowo. Chikwangwani chopanda dzina chimasiya wodutsa osadziwa khomo loti akagogode chigamba chikamatuka. Amene walemba dzina lake pa ntchito amakhala ndi manyazi oti aibwerere.

Pakati pa "ukukonzedwa" yemweyo pali kachidutswa "-ku-", konena zomwe zikuchitika tsopano, kosatchula tsiku loyamba kapena lomaliza. Kachidutswa kameneka kangakhale chinyengo ngati chikwangwani chikhalabe chiimire antchito atachoka. Kangakhalenso choonadi chakuya kuposa momwe wolembayo adaganizira, pakuti ntchito yomanga msewu wa tala siifika pamapeto. Tsiku lodula riboni ndilo tsiku lomwe dzuwa ndi madzi zimayamba ntchito yawo.

Mawu awiri omaliza akutembenukira kwa ife. "Yendani" akulankhula kwa onse mofanana, wanjinga, waminibasi ndi wa lole ya simenti, koma msewu sumva kulemera kwathu mofanana. Kafukufuku wa misewu wodziwika ndi dzina loti AASHO, amene adachitikira ku Ottawa m'chigawo cha Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960, adapeza kuti kulemera kogwera pa mzere umodzi wa matayala kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake sikelo ya malole ngati ya pa Balaka ndi chida chosamalira msewu chimodzimodzi mgolo wa phula. Mwini sitolo amene bwalo lake adalimangira magalimoto ang'onoang'ono, n'kumalola malole kukhotera pamenepo tsiku ndi tsiku, asadabwe phula likamakwinyika. Dizilo wodontha pamalo amodzi naye amasungunula phula mpaka miyala kumasuka.

"Pang'onopang'ono" ndi liwu lalitali kuposa onse, ndipo pakamwa pomwe pamachedwa polinena. Wolembayo amatanthauza liwiro la galimoto, koma liwuli likufotokozanso mmene msewu umafera. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Jumbo imodzi m'ngalande, chitsononkho chimodzi, wilibala imodzi ya zinyalala pakamwa pa kalavati, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kolowera n'kukwera pamsewu, kudya m'mphepete mwa tala mpaka galimoto ziwiri kulephera kupatukirana. Madzi saiwala khwawa. Namondwe Freddy mu March 2023 adakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera pa masiku owerengeka, ndipo tonse tidalira. Ngalande yotsekeka imachita ntchito yofananayo mwakachetechete kwa zaka, pamaso pathu, zinyalalazo zili zochokera m'manja mwathu. Apa "pepani" uja akubwerera: nafenso tili nako koti tipepese.

Sindikunyoza chikwangwanichi. N'cholembedwa ndi munthu waulemu, ndipo anyamata omwe ali kuseri kwake akugwira ntchito yowawa pa dzuwa, utsi wa phula uli m'maso. Chomwe ndikulakalaka ndi kuchiona pa nthawi ina ya chaka. Chiimikidwe mu September, msewu ukadali wooneka wabwinobwino, pomwe anthu akuvuula mchenga m'ngalande ndi kuthira phula m'ming'alu mitambo isanasonkhane. Nkhanga zidapangana kusanapse. Odutsa ena adzafunsa kuti akukonza chiyani pomwe palibe dzenje. Wakabaza uja adzadutsa pamenepo mu February wotsatira, madzi ali m'ngalande, limu lake lili lowongoka.