Bokosi la maliro pasiteji: kodi mantha amasambitsa munthu m'manja?

Pali sewero limodzi lomwe aliyense wokhala m'malokeshoni a Lilongwe adaliwonerapo, ngakhale limasintha dzina ndi ochita. Ku Kawale mulipeza pabwalo la mpira, ku Area 23 pamsika, ku Chinsapo kuseri kwa sukulu. Mumakhala bambo wina wamakani, chidakwa, wa jekete long'ambika, yemwe samva za anzake. Kenaka amatulukira mlangizi wa zaumoyo atatchena bwino, nkulalikira mphindi khumi osapuma. Wamakani uja amakana, amadwala, amatisiya, ndipo anyamata anayi amalowa atasenza bokosi. Amayi amalira mokuwa, ochita onse nkuima pamzere kutiuza phunziro lake. M'zaka za m'ma 1990 mkuluyu ankafa ndi Edzi, mu 2021 adafa ndi Covid-19, mu 2023 adafanso ndi kolera. Munthu mmodzi kufa katatu konse, abale inu, osatolapo phunziro!

Sindikupeputsa nkhani zomwe a zisudzowa amakamba ayi. Kolera yemwe adabuka m'mwezi wa Malichi 2022 tonse tidamuona: adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, adachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho boma lidakakhazikitsira kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona. Imeneyi ndi miyoyo ya anthu. Nchifukwa chake tiyenera kufunsa mosapsatira ngati sewero lotereli limasinthadi munthu, kapena limangomusangalatsa masana amodzi.

Olemba masewerowa amaganiza kuti munthu amalakwa kamba ka umbuli, ndiye ukamuuza zoona asintha. Koma kafunseni mayi aliyense kwa Chinsapo chomwe chimayambitsa kolera, akuyankhani bwinobwino ngati namwino. Mayi yemweyo madzi amagula pa kiyosiki, ndowa iliyonse ndi ndalama, ndipo mpopi ukauma amathamangira kuchitsime. Chimbudzi cha pa puloti nchimodzi, mabanja olipira lendi asanu ndi limodzi, sopo ukamusiya pakhomo pake sagona. Mayiyu akudziwa. Chomwe chikumuvuta ndi ulendo wochoka pa kudziwa kukafika pa kuchita, ndipo ulendo umenewu ndi womwe masewero athu saulemba.

Akatswiri a za maganizo a munthu adayamba kalekale kufufuza za mantha. Mu 1953, Irving Janis ndi Seymour Feshbach a ku Yale adaphunzitsa ana a sukulu ya sekondale za kutsuka mano m'magulu osiyana. Ena adawaonetsa zithunzi zoopsa za m'kamwa moola, ena adawauza modekha. Chodabwitsa nchakuti omwe adaopsezedwa kwambiri ndiwo adasintha pang'ono. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti mantha nthawi zambiri amagwira ntchito ndithu, koma Kim Witte mu 1992 adalongosola pomwe pagona nkhani. Munthu ukamuopseza, amadzifunsa ngati pali chomwe iye angathe kuchitapo. Akaona kuti chilipo, amalimbana ndi vutolo. Akaona kuti palibe, amalimbana ndi mantha okhawo: amaseka, amati imfa sithawika, amati nzamaula, kapena amangochoka pabwalopo. Albert Bandura adali atanena kale mu 1977 kuti chomwe chimamudzutsa munthu ndi chikhulupiriro chakuti iyeyo angathe.

Tsono taonani zomwe bokosi lija limachita. Limakuza mantha, koma njira yopulumukira imangotchulidwa pakamwa ndi mlangizi wotchena uja, yemwe aliyense akuona kuti kwawo kuli mpopi m'nyumba. Ndidaonerapo sewero lotere ku Biwi, lolipiridwa ndi bungwe lina, ndipo bokosi litalowa anyamata omwe ndidaima nawo adafa nalo phwete, ati mtembo ukupuma. Palibe adadziona yekha mwa chidakwa uja. Ndani amadzitcha chitsiru? Woonera aliyense amaloza mnzake.

Apa kulephera kwa luso ndi kulephera kwa uthenga ndi chinthu chimodzi. Miguel Sabido wa ku Mexico, yemwe m'zaka za m'ma 1970 ankalemba masewero a pa wailesi yakanema motsamira pa maganizo a Bandura, ankaika anthu a mitundu itatu: wabwino, woipa, ndi wapakati. Wapakatiyu ndiye mwini sewero. Amafuna kusintha, amayesa, amagwa, amachita manyazi, amayesanso. Woonera amamutsata chifukwa amafanana naye. Njira imeneyi idafika ku Tanzania mu 1993 ndi sewero la pa wailesi la Twende na Wakati, momwe mudali dalaivala wa thiraki wokonda akazi, Mkwaju, ndi mkazi wake yemwe pang'onopang'ono adaphunzira kuima payekha. Zaka ziwiri zoyamba dera la Dodoma silidaulutsiridwe seweroli dala, kuti ofufuza ayerekeze, ndipo adapeza kuti komwe lidamveka anthu ambiri adayamba kulera. Kuno kwathu Zimachitika, lomwe a Story Workshop adayamba kuulutsa mu 1997, lidakoka anthu pa chifukwa chonga chomwechi: lidali ndi mabanja omwe omvera ankakhala nawo sabata ndi sabata mpaka kuwadziwa ngati aneba. Sewero la pamsika lili ndi woyera mtima ndi chitsiru basi. Wapakati, yemwe ndi inu ndi ine, mulibe.

Tikambeko za ndalama, popeza ndi pomwe ambiri amatsokomola. Mu 1971 Edward Deci adapatsa ophunzira a pa yunivesite masewera osanja tizidutswa. Ena adawalipira, ena ayi. Malipiro atasiya, olipidwa aja chidwi chidawathera kuposa anzawo. Sindikunena kuti ndalama nzoipa. Mu 2004 Rebecca Thornton adachita kafukufuku ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, ndipo adapeza kuti mwa anthu 100 oyezetsa magazi omwe sadalonjezedwe kanthu, 34 okha ndiwo adakatenga zotsatira zawo za HIV, pomwe kandalama kochepa zedi kadachulukitsa chiwerengerochi kawiri. Ndalama imatha kumukankha munthu kuti achite chinthu cha tsiku limodzi. Koma kusamba m'manja ndi kwa tsiku lililonse, ndipo kulemba sewero labwino kumafuna mtima. Gulu la zisudzo likazolowera kudikira alawansi ndi mndandanda wa mfundo khumi zochokera ku ofesi, limasiya kumvetsera zomwe anthu akukamba pa kiyosiki. Oonera nawonso amayamba kufunsa ngati kuli matisheti. Pulojekiti ikatha, gulu limatha, mpondagiya nkusanduka chidole cha ana.

Chomvetsa chisoni nchakuti njira yabwino tidali nayo kale. M'zaka za m'ma 1980 a Chancellor College Travelling Theatre, ndi aphunzitsi awo monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, ankapita m'midzi ya ku Liwonde kukachita masewero a zaumoyo. Ankayamba ndi kucheza ndi anthu, ndipo sewero likafika pothina ankatembenukira kwa oonera kuwafunsa kuti titani. Anthu ankatsutsana za zitsime zawo, eni ake. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngakhale Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, tinkawakonda chifukwa palibe mwa awiriwo adali mngelo, ndipo poseka iwo tinkadziseka tokha.

Peter Gollwitzer adaonetsa mu 1999 kuti munthu yemwe wakonzeratu kuti zikafika pakutipakuti ndidzachita chakutichakuti, pamalo akutiakuti, amakwaniritsa cholinga chake kuposa wongonena kuti ndisintha. Kwa wolemba sewero imeneyi ndi mphatso, chifukwa siteji imafuna zinthu zooneka. Tiwonetseni mayi wa ku Mgona yemwe watsala ndi ndowa imodzi madzulo, ana atatu osasamba, nsima isanaphikidwe. Tiwonetseni a lendi asanu ndi mmodzi akukangana za yemwe agule sopo mwezi uno, alandilodi akuzemba, mpaka wina apeze nzeru yomumangirira pa chingwe. Tiwonetseni bambo akuchita manyazi kusamba m'manja pamaliro chifukwa akuopa kuti anamfedwa amuyesa wonyada. M'menemo muli nthabwala, mkangano ndi chisoni chokwanira sewero lathunthu, popanda kubwereka bokosi kwa akalipentala.

Kwa mabungwe olipira masewerowa pempho langa ndi limodzi: m'malo mowerenga mitu ya anthu omwe adasonkhana pabwalo, bwereraninso pakatha miyezi itatu mukaone ngati pakhomo pa chimbudzi pali madzi. Kwa anzanga olemba, ku Kawale, Area 25 ndi konse, ndikuti mvula ikubweranso, ndipo kolera sachedwa kuitsata. Musanalembe mzere woyamba, kakhaleni kaye m'mawa umodzi pamzere wa pa kiyosiki, kope lili m'thumba, makutu ali tcheru.